Bezi yakale ya malemu malume: zitsulo zamkuwa zada ndipo zina zabiriwira, ndiyambire pati?

Mabvuto Sakala, Kapata

Moni kwa nonse a pagulu lino, akuluakulu ndi anzanga oimba. Ndabwera kudzapempha nzeru, ndipo mundilezere mtima chifukwa ndifotokoza motalikirapo. Banja lathu litakhala pansi kugawa katundu wa malemu malume anga, linandipatsa gitala yawo ya bezi popeza pa abale onse ndine ndekha amene ndimaimba. Malumewo anagwira ntchito kumigodi ku Kitwe ali mnyamata, ndipo ankaimba m'bandi kumapeto kwa sabata, koma atapuma pantchito anabwera nayo kumudzi ku Chadiza komwe yakhala zaka zambiri popanda woigwira.

Dzina lolembedwa kumutu kwake ndi Aria Pro II, ndipo mtundu wake ndi SB-1000. Ili ndi nsambo zinayi, pickup imodzi (kachipangizo ka maginito kotola liwu la nsambo) ndi mafret 24 (tizitsulo topingasa pakhosi podinira nsambo), ndipo khosi lake silomangidwa ndi ma screw ayi, koma limachokera kumutu mpaka kumunsi kwa thupi, moti mukaitembenuza mumaona mizere ya matabwa oyera ndi oderako itandondozana kuyambira kumwamba mpaka pansi. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi zitsulo. Bridge yake (chitsulo chogwira nsambo kumunsi kwa thupi) pamodzi ndi nut (kachitsulo ka timipata kogonekapo nsambo kumutu) zikuoneka kuti poyamba zinali zachikasu, koma tsopano zaderatu, ndipo pamene dzanja lamanja limatsamira, pafupi ndi nsambo yaikulu ya E, pamera zobiriwira zaufa zimene zimayoyoka ndikazipala ndi chikhadabo.

Mnansi wanga akuti ndizikweche ndi phulusa ndi mandimu monga timachitira ndi mapoto, mnzanga wina akuti ndigule Brasso, ndipo winanso akuti ndingoigulitsa isanaonongekeretu. Ine ndikufuna kuisunga ndi kumaiimba kutchalitchi.

Bambo E. Phiri, Katete

A Sakala, pepani chifukwa cha maliro a malume anu. Phulusa ndi mandimu zisayandikire gitala imeneyo, ndipo Brasso musafulumire kugula, kufikira titamvana bwino chimene muli nacho m'manja.

Magitala a Aria Pro II a nthawi imeneyo ankapangidwa mumzinda wa Matsumoto ku Japan, pa fakitale yotchedwa Matsumoku, imene inatsekedwa mu 1987. SB-1000 inatuluka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo inali pamwamba pa mabezi anzake a SB. Zitsulo zamkuwazo sanaziikepo mwangozi. Kampani ina yaing'ono ya ku California yotchedwa Alembic, imene inayamba mu 1969, ndiyo inatchukitsa ganizo lakuti khosi lodutsa thupi lonse pamodzi ndi zitsulo zolemera zamkuwa zimathandiza kuti nsambo ilire nthawi yaitali ikakhudzidwa. Mabezi a Alembic anali okwera mtengo kwambiri, choncho a ku Japan anatenga maganizowo n'kupanga zida zimene woimba wamba akanatha kuzifikira. Ngakhale a kampani ya ku America ya Fender, amene anayambitsa Precision Bass mu 1951, anatsatira mphepo yomweyo pamene mu 1980 anatulutsa Precision Special yokhala ndi zitsulo zamkuwa zokutidwa ndi golide.

Ife amene tinaimba m'masiku amenewo tikukumbukira kuti mtengo wa kopa utagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, ndalama zakunja zinasowa m'dziko muno la Zambia, ndipo kupeza ngakhale nsambo zatsopano inali nkhani yovuta. Munthu wogwira ntchito kumgodi kuti afike pokhala ndi bezi yotere, ndiye kuti anadzimana zambiri.

Chinthu choyamba kuchita n'chosavuta. Tengani maginito, ngakhale a m'sipika yakufa, muwayandikitse ku chitsulo chilichonse pachokha, koma patali ndi pickup. Mkuwa weniweni sukokedwa ndi maginito. Chimene chakokedwa ndi chitsulo wamba chongokutidwa pamwamba, ndipo choterocho mukachikwecha mumachotsa chikutiro chopyapyala chimene simungachibwezerenso. Makiyi ochunira kumutu kawirikawiri amakhala okutidwa chabe, ngakhale amene sakokedwa ndi maginito, kotero amenewo muziwapukuta ndi kansalu kofewa basi.

Mayi R. Tembo, Kalongwezi

Ine si woimba bezi, ndimaimba kwaya ndipo ndimaphunzitsa sayansi ku sekondale, koma ndikugwirizana ndi Bambo Phiri ndipo ndikufuna kupereka chifukwa chake. Mkuwa wachikasu umene umapangira zida zotere ndi chisakanizo cha kopa ndi zinki, ndipo kawirikawiri kopa amakhala pakati pa magawo 60 ndi 70 pa 100 alionse. A Sakala, pa bridge yanu pali zinthu ziwiri zosiyana, ndipo mukazisokoneza mudzalimbana ndi chimene chilibe mlandu.

Kuda kuja si matenda. Kopa akakumana ndi mpweya kwa zaka zambiri, pamwamba pake pamapangika kakhungu kopyapyala koderako, kolimba ndi kosayoyoka, ndipo kakhungu kameneko kamachedwetsa kudyeka kwa chitsulo chimene chili pansi pake. Zobiriwira zaufa zija ndiye vuto lenileni. Thukuta la munthu lili ndi mchere, ndipo mcherewo ukatsalira pachitsulo n'kumakoka chinyezi chaka ndi chaka, umadya kopa n'kusiya ufa wobiriwira pamwamba ndi timaenje pansi pake. N'chifukwa chake zamera pamene chikhatho cha malume anu chinkatsamira, osati pena paliponse. Zimenezi zikasiyidwa zimapitiriza kukumba nyengo yamvula iliyonse.

Mandimu kapena viniga amawalitsa mkuwa msanga, zimenezo n'zoona, koma asidi akakhalitsa amasungunula zinki wa pamwamba n'kusiya kopa yekha, ndipo chitsulo chimasanduka chofiirira mwa mawangamawanga. Phulusa nalo lili ndi timiyala tokanda, ndipo likanyowa limatulutsa chidulo chimene chikhoza kuononga vanishi wa pathabwa.

Koma ndili ndi funso limene ndikuliona kukhala lalikulu kuposa la katsukidwe. Kodi gitalayi inkasungidwa m'chipinda chotani kumudziko, ndipo panopa mwaiika pati?

Mabvuto Sakala, Kapata

Zikomo Bambo Phiri ndi Mayi Tembo. Ndayesa ndi maginito monga mwanenera, ndipo bridge ndi nut sizikukokedwa, koma tima screw tonse tating'ono ta pa bridge tikukokedwa ndipo tina tachita dzimbiri lofiira. Kumudzi inkakhala m'bokosi lake m'chipinda chosungiramo katundu, momwenso chaka chilichonse mumaunjikidwa matumba a feteleza nyengo yolima isanayambe, ndipo kuseri kwa khoma lake kuli khola la nkhuku. Kuno kwanga ndaitsamiritsa pakona ya chipinda chochezera.

Mayi R. Tembo, Kalongwezi

Ndinafunsa chifukwa m'nyumba zambiri kuno kummawa chipinda chosungira katundu wamtengo ndi chomwechonso chosungira feteleza. Urea akanyowa amatulutsa mpweya wa ammonia, ndipo zitosi za nkhuku zikaunjikana zimatulutsa mpweya womwewo, uja umatsamwitsa mukalowa m'khola losasesa. Ammonia ndi mdani wamkulu wa mkuwa, chifukwa sangoudetsa kokha koma amatha kuung'amba.

Nkhani imeneyi inadziwika kale ndi asilikali a Britain ku India. Iwo ankasunga zipolopolo m'makola a akavalo nyengo yamvula, ndipo mvula ikatha ankapeza zikombole zambiri zamkuwa zitang'ambika popanda wozigwira. Mu 1921 akatswiri anafotokoza kuti choyambitsa chinali ammonia wa mumkodzo wa akavalo, pamodzi ndi chinyezi, pa mkuwa umene unakhala wokokeka pousula. Ndiyenera kunena mosakokomeza kuti bridge yochindikala ngati yanuyo siing'ambika msanga monga chikombole chopyapyala, komabe mukaichotsa muiyang'anitsitse padzuwa, makamaka m'mphepete mwa mabowo a ma screw ndi pomwe nsambo zimakolekedwa, ngati palibe timing'alu topyapyala.

Bokosinso musaliiwale. Nsalu ya m'kati mwake yakhala ikuyamwa mpweya umenewo ndi chinyezi kwa zaka zonsezi, choncho mulitsegule, mulikunthe fumbi, muliyanike pamthunzi podutsa mphepo kufikira fungo litatheratu, ndipo gitala isabwereremo nthawi imeneyo isanakwane.

Chisomo Zulu, Mchini

Akuluakulu, ndikulemekeza zonse zimene mwanena, koma pa nkhani ya kusiya kuda ndili ndi maganizo osiyana. Amene anapanga gitalayi anafuna kuti zitsulo zake ziziwala, ndipo tsiku limene malume a achimwene Sakala anaigula inali yonyezimira. Kuibwezera m'mene inalili ndikuona kuti n'kulemekeza mwini wake. Komanso mukaima nayo kutsogolo kwa mpingo zitsulo zili zakuda, anthu sadzaona mbiri ayi, adzaona chida chosasamalidwa. Ine ndimapukuta zida za bandi yathu ndi Brasso ndipo palibe chimene chinang'ambika.

Bambo E. Phiri, Katete

A Zulu, mawu anu ali ndi mutu, ndipo sindikunena kuti kuwalitsa ndi tchimo. Gitala ndi ya a Sakala, ndipo akafuna kuti iwale ali ndi ufulu wonse. Koma adziwe zinthu zitatu asanayambe. Kuwalitsa ndi kusenga chitsulo pang'ono, ndipo wowalitsa kamodzi adzawalitsanso mvula ikangotha, kotero m'kupita kwa zaka ngodya zakuthwa za bridge zimabulungira ndipo timipata ta pa nut tikakhudzidwa timazama mpaka nsambo kuyamba kukhudza fret yoyamba. Chachiwiri, zitsulo zambiri za nthawi imeneyo zinkachoka kufakitale zitapakidwa vanishi woonekera m'kati, ndipo pamene vanishiyo watsalira mankhwala safikapo, choncho mumatsala ndi chitsulo chowala pena, chakuda pena. Chachitatu n'chimene Mayi Tembo angachitire umboni: fungo lija mumamva mukatsegula chitini cha Brasso ndi ammonia yemweyo. Pa lipenga losalala mumapukuta n'kuchoka yense, koma bridge ya bezi ili ndi timakona ndi timabowo momwe mankhwala amatsalira, amauma n'kukhala zoyera, kenako n'kubala zobiriwira zatsopano.

Kwa ine, kuda kumene kwatsatira dzanja la woimba n'kokongola, ndipo ndikanakonda kuti kukhale. Pamenepa ndikungonena za mtima wanga.

Bambo J. Daka, Down Shops

Ine ndimakonza mawailesi ndi ma ampulifaya, ndipo magitala amagetsi amafikanso pa benchi yanga. Kaya a Sakala asankha njira ya Bambo Phiri kapena ya a Zulu, ntchito yonse ichitikire kutali ndi thabwa, ndiye kuti bridge iyenera kuchotsedwa. Musanamasule kanthu, jambulani ndi foni kuchokera pamwamba ndi m'mbali, ndipo muyeze ndi lula pamene kachitsulo ka nsambo iliyonse kaima, mulembe pa pepala. Bezi imeneyi kutalika kwa nsambo yake kuchokera pa nut kufika pa bridge ndi mainchi 34, kapena kuti mamilimita 864, ndipo fret ya 12 ili pakati penipeni, pa mamilimita 432. Tizitsulo tija timaima motsogozana pang'ono kuti nsambo iliyonse ilire molondola mpaka kumunsi kwa khosi, ndipo mukatisokoneza popanda muyeso mudzavutika kuti gitala imvane ndi kiyibodi.

Mukatukula bridge mudzapeza kawaya kakang'ono kakutuluka m'bowo la pathabwa, kongogona pansi pa chitsulocho. Musakadule ndipo musakakankhire m'kati. Ndi kamene kamalumikiza nsambo ku earth, ndipo kakapanda kukhudza chitsulo choyera mudzamva kulira kosalekeza m'sipika. Malo okhawo amene ine ndimawalitsa dala ndi kunsi kwa bridge pamene kawayako kamakhudza, poti palibe amapaona.

Zobiriwira muzitokosa ndi kamtengo kosongola ka nsungwi, osati singano kapena mpeni, kenako mutsuke ndi mswachi wakale m'madzi ofunda okhala ndi sopo wochepa wa mbale. Mutsukuluze, mupukute, muyanike padzuwa kufikira madzi atatheratu m'timabowo, ndipo pomaliza mupake phula lopanda mtundu mopyapyala kuti thukuta lisafikenso pachitsulo. Sitilu wulu isalowe m'chipinda chimene muli gitala, chifukwa tizidutswa take timakokedwa ndi maginito a pickup ndipo timakakamira pamenepo. Pickup ya bezi yotereyi inamatidwa m'kati ndi guluu wolimba wa epoxy, motero ikafa siphwasulika mosavuta kuti munthu akulungenso waya wake. Nut musaichotse konse. Matani pepala lomata mbali zake zonse ziwiri, mupukute pamwamba pokha, timipata muzisiye.

Chinanso chofulumira kuposa zonsezi: tsegulani kachitseko kakumbuyo lero lomwe. SB-1000 imagwiritsa ntchito mabatire awiri a 9 volts, ndipo ngati malume anasiyamo mabatire, angakhale atatuluka madzi n'kudya timawaya. Mukadzaikamo atsopano, muzizula chingwe pa gitala mukamaliza kuimba, chifukwa chikakhala cholowetsa mabatire amapitiriza kutha.

Bambo L. Mwale, Petauke

Nonse mwalankhula za chitsulo, ndiye ine monga mmisiri wa matabwa ndilankhulireko thabwa, chifukwa bridge ikaonongeka munthu wa makina akhoza kusema ina, koma khosi la gitala iyi likapindika palibe pomasula kuti muikepo lina. Khosi ndi thupi ndi chinthu chimodzi.

Nyengo yathu imazunza thabwa kawiri pachaka. Kuyambira December mpaka March mpweya umakhala wodzala chinyezi ndipo thabwa limafufuma, pamene mu September ndi October limauma kwambiri n'kunyala. Thabwa la pamwamba pa khosi likanyala, mafret sanyala nawo, n'chifukwa chake m'chilimwe mumamva nsonga zawo zikukanda chala m'mphepete. Opanga magitala amalangiza chinyezi cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti, chimene ife sitingachisunge chaka chonse, koma tikhoza kupewa zoipitsitsa. Pakona pomwe mwaitsamiritsa, a Sakala, muichotsepo, makamaka ngati ndi khoma lakunja limene limamwa mvula kapena kuombedwa dzuwa la masana. Chipinda cham'kati chokhala ndi siling'i n'chabwino kuposa cha malata okhaokha, ndipo bokosi lisagone pasimenti chifukwa cha chinyontho ndi chiswe. Timapaketi ta silica tija timabwera m'mabokosi a nsapato n'tothandiza m'dzinja, koma mu October mutichotsemo. Mukamapita nayo kutali, monga kutsika ku Mfuwe kapena kuoloka Luangwa kupita ku Lusaka, isakhale m'buti ya galimoto yoima padzuwa, chifukwa kutentha kumafewetsa guluu.

Nsambo zinayi zikachunidwa zimakoka khosi ndi mphamvu yoposa makilogalamu 70, ndipo chimene chimalimbana nazo ndi truss rod, chitsulo chachitali chobisika m'kati mwa khosi. Poyesa, dinani nsambo ya E pa fret yoyamba ndi pa fret ya pomwe khosi likukumana ndi thupi, muone mpata wa pakati pa nsambo ndi fret chapakati pa malo awiriwo. Uyenera kukhala pafupifupi mamilimita 0.3, kungokwana kapepala kolimba. Ngati ndi waukulu, musathamangire kumanga. Chitsulo chimene chakhala zaka chosatembenuzidwa muyambe mwachibweza m'mbuyo pang'ono kuti mumve ngati chikuyenda, nsambo zili zomasula, kenako mumange kota imodzi yokha ya kuzungulira, muchune, musiye thabwa ligonere, mawa muyesenso. Chikalimba muleke pomwepo. Kuthamanga sikufika, ndipo truss rod yothyoka m'khosi lotere ndi ntchito yokanganula thabwa lonse la mafret.

Chisomo Zulu, Mchini

Bambo Daka ndi Bambo Mwale, izi ndazilemba kuti zikatithandizenso kubandi. Pa kuwala sindinasinthe maganizo, koma ndavomereza zoti bridge izichotsedwa kaye. Ndili ndi funso lina kwa Bambo Phiri. Kodi mkuwawo umasinthadi kalizidwe, kapena inali njira yogulitsira malonda? Ndikufunsa chifukwa bridge zatsopano zakuda kapena zasiliva zimapezeka ku Lusaka, ndipo achimwene akanatha kungosintha n'kupumula ku mavuto onsewa.

Bambo E. Phiri, Katete

Funso limeneli oimba akhala akukangana nalo kuyambira nthawi ya Alembic, ndipo ndikuyankhani monga makutu anga amvera. Nut yamkuwa imagwira ntchito pa nsambo yosadina yokha, chifukwa mukangodina pa fret, nsambo imalira kuchokera pa fret imeneyo ndipo nut yatuluka m'nkhani. Phindu lake n'lakuti nsambo yosadina imamveka mofanana ndi yodina, popeza zonse zikugona pa chitsulo. Mafret nawonso amapangidwa ndi kopa, nickel ndi zinki. Bridge ndi nkhani ina. Mkuwa ndi wolemera kuwirikiza katatu poyerekeza ndi aluminiyamu wa kukula komweko, ndipo chitsulo cholemera chimagwedezeka pang'ono, motero nsambo imasunga mphamvu yake. Kusiyana kulipo, koma n'kochepa poyerekeza ndi kumene mumapeza posintha nsambo kapena malo okhudzira ndi chala.

Ndipo kulira kwautali si chinthu chimene nyimbo zathu zimafuna nthawi zonse. Bezi ya nyimbo zathu za kalindula inatengera chida chamtengo chachikopa chija ena amati babatoni, chimene liwu lake limagunda n'kuzima msanga, kusiyira malo ng'oma. Ambiri a ife tinkatsamiritsa chikhatho pa bridge kuti tizime liwu, ndipo poona pamene zobiriwira zamera, ndikukhulupirira kuti malume a a Sakala ankaimba chimodzimodzi. Amene akufuna liwu limenelo aike nsambo zosalala, ma flatwound, zimene sizidyanso mafret kapena nut monga zimachitira zokakala zija kampani ya Rotosound inatchukitsa kuyambira 1966.

Kusintha bridge ndikukana ndi mtima wonse. Mabowo a yatsopano sadzagwirizana ndi akale, kutalikirana kwa nsambo pa mabezi a SB n'kopanikizana kuposa pa Fender, ndipo mudzaboola thabwa labwino kuti muikepo chitsulo chosafika pa ubwino wa chimene mwachotsa.

Mayi T. Lungu, Chadiza

Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma popeza kwatchulidwa kwathu ndinenepo pa za kugulitsa. A Sakala, katundu amene banja lakupatsani pamaso pa akuluakulu si wanu nokha ngati amene mwagula ndi ndalama zanu. Mukadzaganiza zogulitsa tsiku lina, muyambe mwauza amayi anu ndi ana a malemu, kuti pasadzakhale mawu. Ndiponso lembani pa pepala dzina la malume, bandi imene ankaimbamo ngati alipo woikumbukira, ndi nambala ya gitalayo, muike m'bokosi. Okalamba amene angakuuzeni zimenezi akutha, ndipo m'mudzi mwathu muno alipo ena amene anakhalako ku Kitwe zaka zimenezo.

Mabvuto Sakala, Kapata

Mayi Lungu, mawu anu ndawamva ndipo ndikabwera kudzaona mayi ndidzafunsa. Zogulitsa palibe.

Ndibweze lipoti la ntchito. Kumbuyo ndinapezamo mabatire awiri akale, ndipo imodzi inatuluka zoyera zimene zadya kachipewa kake kolumikizira mpaka waya wofiira kuduka, koma kabokosi ka zamagetsi kakuoneka kouma. Bridge ndachotsa, kawaya ka pansi kalipo, ndipo padzuwa sindinaone mng'alu uliwonse. Zobiriwira zachoka ndi nsungwi ndi mswachi, zasiya timaenje tating'ono tosazama, ndipo chitsulo chonse chatsala choderako mosalala. Ndasankha kuchisiya chomwecho ndi kungopaka phula. A Zulu mundikhululukire. Mpata wa pakhosi ndi waukulu pang'ono kuposa kapepala, koma truss rod sindinaikhudze.

Vuto latsala limodzi. Pa kachitsulo ka nsambo ya E, ka screw kokwezera ndi kutsitsira nsambo kaumiratu ndi dzimbiri ndipo sikakutembenuka. Pafupi ndi kwathu pali wowotcherera amene akuti akhoza kukatenthetsa ndi moto wa gasi kuti kamasuke. Kodi ndimupatse?

Bambo J. Daka, Down Shops

Musamupatse, a Sakala. Moto wa gasi udzafewetsa mkuwa ndi kusintha mtundu wake, ndipo kachitsulo kakang'ono ngati kameneko kakhoza kupindika kapena kusungunuka m'mphepete. Ka screw kauma chifukwa ndi kachitsulo wamba kokhala m'bowo lamkuwa. Zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana pali madzi amchere, chitsulo wamba ndicho chimadyeka msanga, ndipo dzimbiri lake limafufuma n'kudzaza mazinga. N'chifukwa chake kakanika ka nsambo ya E, kumene thukuta linkagwera kwambiri.

Chotsani kachitsulo kameneko pa bridge, mukamize m'kabotolo ka mafuta omasulira dzimbiri, kapena palafini ngati amenewo mulibe, mukasiyemo masiku angapo. Kenako chotsani zinyalala m'kabowo ka pamutu pa screw ndi singano kuti Allen key ilowe mpaka pansi. Ikhale ya muyeso wa mamilimita, popeza gitalayi ndi ya ku Japan. Ya mainchi imalowa mogwedera ndipo imabulungitsa kabowoko. Yambani mwamanga pang'ono kwambiri, kenako mubweze, mudontheze mafuta, mubwerezenso, osakakamiza, chifukwa mazinga amkuwa ndi ofewa kuposa a screw ndipo ndi amene adzayamba kuphwanyika. Chikakanikabe, pukutani mafuta onse n'kukhudzitsa nsonga ya soldering iron pa mkuwawo kwa kanthawi. Mkuwa umafutukuka ndi kutentha kuposa chitsulo wamba, motero bowo limakula pang'ono n'kulekana ndi dzimbiri.

Kachipewa ka batire n'kotchipa ndipo kamalumikizidwa mosavuta, koma amene adzakulumikizireni ajambule kaye mawaya onse m'mene alili, chifukwa mabatire awiriwo ali ndi kalumikizidwe kawo ndipo kusinthanitsa waya wofiira ndi wakuda kukhoza kupsereza kabokosi kaja. Tsiku loyamba kuiyesa, onetsetsani kuti pulagi ya ampulifaya ili ndi mano onse atatu ndipo earth ya pakhoma ndi yolumikizidwa. Kawaya ka pansi pa bridge kamapangitsa kuti nsambo zikhale chinthu chimodzi ndi chitsulo cha ampulifaya, ndipo magetsi athu ndi a 230 volts, choncho ampulifaya yakale yodulidwa dzino la earth, kapena jenereta yolumikizidwa mwachisawawa pa msonkhano wa panja, ikhoza kutumiza magetsi amenewo m'zala zanu. Ngati ya kutchalitchi kwanu simukuidziwa bwino, ipimidwe ndi mita gitala isanalumikizidwe.